Ndege zazing'ono zouluka pagulu: nanga ife apansi?

Kodi munamvapo zoti pali anthu amene amakwera ndege pongofuna kusangalala? Sakupita ku nchito, sakupitanso ku cipatala. Amangogwirizana anthu angapo, aliyense ndi kandege kake, n'kunyamuka pamodzi ulendo wodutsa maiko. Lero atera apa, agona, mawa aulukanso. Maulendo otere amacitika kuno kumwera kwa Africa, makamaka mvula ikasiya. Ena amapita ku nyanja ya Malawi, ena ku Mfuwe kukaona nyama, ena ku Vilankulo, ena ku Cahora Bassa kukawedza nsomba.

Mwina mukuti, "Aa, zimenezo ndi za anthu olemera. Ife kuno ku Chifunde zikutikhudza pati?" Zoona, ndi masewera a anthu a ndalama. Koma taimani kaye. Ndege yaing'ono ikakhala m'mwamba, moyo wake umakhala uli pansi. Imadalira mapepala olembedwa pansi, mafuta ogulitsidwa pansi, bwalo lolambulidwa pansi, ndiponso anthu okhala pansi. Anthu amenewo ndi inu ndi ine. Tiyeni tione bwinobwino.

Kandege kake n'kotani?

Ndege imene mumaiona kutali m'mwamba, yosiya mzere woyera m'mbuyo, ndi yaikulu. Imanyamula anthu oposa 100. Imene tikunena pano ndi yaing'ono kwambiri. Mumalowa anthu awiri kapena anayi basi, ngati m'galimoto yaing'ono. Ili ndi injini imodzi. Kutsogolo kwake kuli cinthu cozungulira mwamphamvu cimene amati pulopela. Ndico cimakoka ndege kuti ipite kutsogolo.

Kandege kotere sikakwera kutali kwambiri. N'cifukwa cake mumamva kulira kwake, ndipo nthawi zina mumaona ndi mtundu wake womwe. Kamathamanga makilomita pafupifupi 200 pa ola. Msewu wocokera mu mzinda wa Tete kukafika pa cipata ca Cassacatiza ndi wa makilomita oposa 250. Mukudziwa nokha mmene msana umawawira mukauyenda pa chapa. Kandegeka kangathe ulendo umenewu pa ola limodzi ndi mphindi zocepa.

Acinyamata amene anamanga ndege yawo

Ulendo wina wochuka unacitika mu 2019. Ku South Africa, acinyamata 20 a zaka zosafika 20 anasonkhana kuti amange ndege. Anali anyamata ndi atsikana ocokera m'mabanja osiyanasiyana. Zidutswa za ndegeyo zinacokera ku fakitale ya ku Johannesburg yochedwa The Airplane Factory. Iwo anazilumikiza kwa milungu itatu, akuluakulu odziwa nchitoyo akuwayang'anira. Ndegeyo dzina lake ndi Sling 4, ndipo ili ndi mipando inayi.

Amene anayambitsa zimenezi ndi mtsikana wa zaka 17, Megan Werner. Gulu lawo analicha U-Dream Global. Acinyamata asanu ndi mmodzi mwa iwo anaphunzira kuyendetsa ndege n'kulandira ziphaso. Mu Juni 2019 ananyamuka ku Cape Town, kumunsi kwenikweni kwa Africa. Anatera ku Namibia, pa cilumba ca Likoma ku Malawi, ku Zanzibar, ku Ethiopia ndi malo ena. Mu Julayi anafika ku Cairo, m'dziko la Egypt. Anauluka makilomita pafupifupi 12,000.

Sanali okha ai. Pambali pawo pankauluka ndege ina yofanana nayo, yoyendetsedwa ndi akuluakulu odziwa bwino za ndege. Nchito yawo inali kuperekeza ndi kuthandiza anawo.

Koma nkhaniyi inatha ndi maliro. Pa 3 Ogasiti 2019, ali pa ulendo wobwerera kwawo, ndege yoperekeza ija inanyamuka ku Tabora, m'dziko la Tanzania. Inkapita ku Lilongwe, mzinda umene kwa ife uli pafupi kuposa Maputo. Itangonyamuka, woyendetsa anauza a pabwalo kuti injini yavuta. Kenako inagwa n'kupsa. Anthu awiri anafa: Des Werner, bambo ake a Megan, ndi mnzawo Werner Froneman.

Mwaona? Ana ongophunzira kumene anafika bwino. Akuluakulu odziwa ndiwo anatsala m'njira. Ulendo wa pa kandege ndi wokoma, koma si wacibwana.

N'cifukwa ciyani amayenda pagulu?

Taganizani za anthu amene amapalasa njinga ndi matumba a cimanga kupita ku msika wakutali. Wanzeru sayenda yekha. Wina amatenga pampu, wina zigamba ndi guluu, wina sipanala. Tayala la mmodzi likaphulika, onse amaima. Paja akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga.

A ndege zazing'ono amacitanso cimodzimodzi. Amagawana zida ndi zitsulo zosinthira. Pagulupo pamakhala wina wodziwa kukonza injini. Ali m'mwamba amalankhulana pa wailesi. Amene ali ndi ndege yothamanga amatsogola, n'kuuza anzake ngati kutsogolo kuli mitambo. Wina akatera m'thengo cifukwa ca vuto, anzake amazungulira pamwamba pake n'kuuza opulumutsa malo enieni amene ali.

Koma gulu lili ndi msampha wake. Anzako akanyamuka, iwenso umafuna kunyamuka, ngakhale mtima ukukana. Umaopa kuoneka wamantha. Umaopanso kucedwetsa anzako. Woyendetsa wabwino ndi amene amatha kunena kuti, "Ine lero sindiuluka," anzake onse atakwera kale. Gulu labwino ndi limene limamudikira mosanyinyirika.

Mlengalenga muli malire

Mbalame imaoloka kucoka ku Mualadzi kupita ku Zambia popanda woifunsa. Ndege siitero. Mu 1944 maiko anakumana mu mzinda wa Chicago, ku America, n'kugwirizana kuti dziko lililonse ndi mwini wa mlengalenga mwake. Conco thambo limene lili pamwamba pa munda wanu ndi la Mozambiki. Mlendo salowamo mwacisawawa.

Asananyamuke, woyendetsa amalemba pepala lonena kumene akucokera, kumene akupita, njira imene adzere, anthu amene wanyamula ndi maola amene mafuta ake angathe. Amafunikanso cilolezo ca dziko limene akulowamo. Kuno kwathu za ndege zimayang'aniridwa ndi bungwe la boma la IACM. Ndege yocokera kunja imayamba yatera pa bwalo limene pali oona mapasipoti ndi katundu, monga la Chingodzi ku Tete. Zikatha zimenezo m'pamene imapitirira kumabwalo aang'ono. N'cimodzimodzi ndi inu mukamaoloka pa Cassacatiza kupita ku Chanida.

Mapepala akasokonekera, ulendo umaima. Mu Novembala 2016, gulu la ndege zakalekale, zambiri za mapiko awiri osanjikizana, linanyamuka pa cilumba ca Crete ku Greece. Linkapita ku Cape Town, ulendo wa makilomita pafupifupi 13,000. Litafika ku Gambela, m'dziko la Ethiopia, akuluakulu a boma anati alowa popanda cilolezo. Anawasunga pa bwalo la ndege masiku awiri. Atawamasula anapitirira, anadutsa ku Kenya, Tanzania, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana, n'kukafika pa 16 Disembala.

Kuno kwathu zinacitikanso, ndipo zinali zolemera kuposa apo. Mu Novembala 2022, ku Inhambane, apolisi anagwira woyendetsa ndege wa bungwe la MAF pamodzi ndi anthu awiri a ku South Africa. Ankawaganizira kuti akuthandiza zigawenga za ku Cabo Delgado. A MAF ananena kuti katunduyo ankapita kwa ana amasiye. Anthuwo anakhala m'ndende miyezi inayi, n'kutuluka mu Malici 2023. Dziko likakhala pa nkhondo, boma limayang'ana kandege kalikonse ndi maso awiri.

Mafuta sagulitsidwa m'mitambo

Njinga yamoto ikatha mafuta, mumatsika n'kuikankha mpaka pogula botolo. Ndege siikankhika. Mafuta akatha, imatsika basi, kaya pansi pali munda, mtsinje kapena phiri.

Ndege zazikulu zimamwa mafuta onga parafini. Zazing'ono zambiri zimamwa petulo wapadera wochedwa avgas, wooneka wobiriwira ngati thambo. Petulo ameneyu sapezeka pa bwalo lililonse. Zina, monga Sling ija, zimathanso kumwa petulo wa galimoto, bola akhale woyera, wopanda madzi kapena zinyalala. Madzi pang'ono m'mafuta angazimitse injini m'mwamba.

Tiyeni ticite masamu pang'ono. Kandege kotere kamamwa malita oposa 20 pa ola. Ngati kakuthamanga makilomita 200 pa ola, ulendo wa makilomita 12,000 ndi maola 60. Maola 60 kuculukitsa ndi malita 20 ndi malita 1,200. Amenewo ndi madiramu asanu ndi limodzi a malita 200. Mtengo wa lita imodzi mukuudziwa. Werengani nokha, muona cifukwa cake tati ndi masewera a anthu a ndalama.

Ndalama zikhalepo, mafutawo ayenera kupezeka pamalo pake, pa tsiku lake. Acinyamata a Sling aja anavutika kupeza mafuta ku Addis Ababa, likulu la Ethiopia. Nthawi zambiri gulu limatumiza madiramu pa galimoto masiku angapo lisanafike. Ndiye kuti pali dalaivala, pali wonyamula, pali mlonda wogona pa madiramupo. Popanda anthu amenewa, palibe wouluka.

Woyendetsa amafuna kuona pansi

Oyendetsa ndege zazing'ono ambiri amauluka poona ndi maso. Ali ndi mapu ndi makina owauza pamene ali, komabe amafuna kuona mapiri, misewu ndi mitsinje monga Zambezi ndi Luia. Akalowa mu mtambo saonanso kanthu. Pakapita kanthawi kocepa sadziwanso kuti kumwamba n'kuti, pansi n'kuti. N'cifukwa cake maulendo a pagulu amacitika kukakhala kopanda mvula.

Nkhungu siiopa munthu wamkulu. Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali a Malawi inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Inali yokulirapo kuposa zimene tikunenazi, ya injini ziwiri. Inanyamula waciwiri kwa mtsogoleri wa dzikolo, Saulos Chilima. Kunja kunali koipa, ndipo inalephera kutera ku Mzuzu. Inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse 9 anafa.

Cilimwe naco cili ndi mavuto ake, ndipo limodzi timapanga ndife. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala timatentha thengo, ena posaka mbewa, ena pokonza minda. Utsi umadzaza m'mwamba mpaka mapiri osaoneka. Kwa woyendetsa, utsi ndi mbale wake wa nkhungu. Kutentha nakonso kumavutitsa. Mpweya wotentha ndi wopepuka, sugwira bwino mapiko. Ndiye masana a mu Okutobala ndege imathamanga mtunda wautali pansi isananyamuke. Mukamva kandege m'mamawa kwambiri, dziwani kuti mwini wake akuthawa dzuwa.

Ikagwa, amayamba kufika ndani?

Apa m'pamene nkhaniyi ikufika pakhomo panu. Ndege zimakhala ndi kacipangizo kamene kamatumiza uthenga ikagwa, kuti opulumutsa adziwe malo. Koma makina amalephera. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngozi ya ku Chikangawa anapeza kuti batire la kacipangizo kameneka linali litatha nthawi yake kalekale. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira.

Patangopita miyezi iwiri, pa 20 Ogasiti 2024, kandege kena kanagwera m'nyanja ya Malawi ca ku Nkhotakota. Munali anthu atatu: woyendetsa wa ku Zimbabwe ndi alendo awiri a ku Netherlands. Awiri anafa. Mayi mmodzi anapulumuka. Anamuvuula ndani? Asodzi amene anali pa nchito yawo pa nyanja.

Boma lathu la Chifunde ndi lalikulu, la mapiri ndi nkhalango, ndipo midzi ina ili kutali ndi msewu wa tala. Kandege katatera mwangozi kuno, apolisi ndi ambulansi angatenge maola ambiri kuti afike. Woyamba kufika adzakhala mlimi wa fodya, mayi wocokera kudimba, mnyamata woweta ng'ombe kapena wokumba golide. Mwina adzakhala inuyo. Ndiye ndi bwino kudziwiratu zocita.

Coyamba, musayandikire kutsogolo kwa ndege. Pulopela ikamazungulira siioneka bwino, ndipo imadula munthu nthawi yomweyo. Ngakhale itaima, musaigwire. Gwirani ana kuti asathamangireko.

Caciwiri, pasakhale moto. Osasuta fodya, osayatsa macesi. Mafuta a ndege amayaka msanga kwambiri.

Cacitatu, thandizani ovulala mosamala. Ngati pali utsi kapena fungo lamphamvu la mafuta, acotseni msanga n'kuwaika patali. Ngati palibe coopsa, musamukoke munthu amene akudandaula khosi kapena msana. Pamene pakutuluka magazi, panikizani ndi nsalu yoyera.

Cacinayi, tumizani uthenga kwa amfumu, apolisi ndi acipatala. Chulani malo momveka: dzina la mudzi, mtsinje kapena phiri limene lili pafupi.

Cacisanu, musatenge kanthu. Cikwama ndi ca mwini wake. Ngakhale kacitsulo kooneka ngati kopanda nchito, ofufuza amakafuna kuti adziwe cimene cinagwetsa ndege, n'colinga coti ena asadzafe ndi vuto lomwelo.

Werengani zilembo za pa ndege

Pali cinthu cina cimene inu, amene tsopano mukudziwa kuwerenga, mungacite. Ndege iliyonse ili ndi zilembo zazikulu pa thupi pake, ndipo zambiri zili nazonso kunsi kwa phiko. Zili ngati nambala ya galimoto. Zilembo zoyambirira zimanena dziko limene ndegeyo inalembedwa.

C9 ndi ya Mozambiki.
7Q ndi ya Malawi.
9J ndi ya Zambia.
Z yotsatana ndi kamzere ndi ya Zimbabwe.
ZS kapena ZU ndi ya South Africa.
5H ndi ya Tanzania.

Mukaona ndege yatera pamalo acilendo, lembani zilembo zonse pa pepala. Lembaninso tsiku ndi nthawi. Munthu wonena kuti "ndinaona kandege koyera" wathandiza pang'ono. Wonena kuti "ndinaona ndege ya zilembo zakutizakuti, Laciwiri m'mawa" wathandiza kwambiri, cifukwa ndi zilembo zimenezo boma lingadziwe mwini wake ndi kumene inacokera.

Kukayika n'kwabwino, kumenya n'koipa

Tisabisane, anthu akaona kandege kakuzungulira amayamba kulankhula. Wina amati abwera kudzaba golide. Wina amati akufuna minyanga ya njovu. Mantha amenewa ali ndi pocokera. Dziko lathu lataya cuma cambiri, mitengo, miyala ya mtengo wapatali ndi minyanga, kudzera mwa anthu ozembetsa. Conco kufunsa kuti "ndege iyi ikufuna ciyani kuno?" si kulakwa.

Koma funso lili ndi njira yake. Limapita kwa amfumu, kwa mkulu wa posto ndi kwa apolisi, pamodzi ndi zilembo zimene mwalemba zija. Silipita ndi miyala kapena zikwanje. Kumbukirani zimene zinacitika mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, m'dziko la Malawi. Kunabuka mphekesera ya anamapopa, anthu amene ankati amapopa magazi usiku. Anthu angapo osalakwa anaphedwa cifukwa congowaganizira. Ogwira nchito zothandiza anthu anacoka m'maderawo kwa kanthawi, ndipo amene anavutika ndi eni mudzi omwe.

Munthu wotsika m'ndege imene yavuta amakhala ndi mantha kuposa inu. Mwina sadziwa Cinyanja, mwina ndi Cipwitikizi comwe. Mpatseni madzi, muonetseni mthunzi, itanani akuluakulu. Ngati ndi wakuba, lamulo limupeza. Ngati ndi mlendo wabwino, mwapulumutsa moyo.

Nanga ife tipindula ciyani?

Funso limeneli ndi loyenera kulifunsa mopanda manyazi. Ndege yongodutsa m'mwamba siisiya kanthu, koma phokoso. Phindu limayamba pamene yatera. Alendo amalipira pa bwalo, amagona, amadya, amagula, amalemba mlonda ndi wowaperekeza. N'cifukwa cake malo ngati Mfuwe ndi Likoma amasamala mabwalo awo.

Bwalo la ndege zazing'ono silifuna tala. Msewu wadothi wowongoka, wosalala, wosafika ndi kilomita imodzi yomwe, ungakwane. Cimene limafuna ndi cisamaliro: kuchecha udzu, kugumula zulu, kukwirira maenje, ndi kuthamangitsa mbuzi ndi ng'ombe ndege ikamabwera. Imeneyi ndi nchito ya manja, ya anthu a pamudzi. Likangosiyidwa zaka ziwiri kapena zitatu, limasanduka thengo.

Ndipo bwalo silisankha ndege. Limene lalandira mlendo wodzaona nyama lingalandirenso dokotala, katemera, kapena kutulutsa mayi amene wavutika pobereka. Mu Malici 2019, namondwe Idai anagwera ku Beira ndipo anthu oposa 600 anafa m'dziko muno. Misewu itaduka, ndege zazing'ono ndi mahelikopita, kuphatikizapo za mabungwe a Mercy Air ndi MAF, ndi zimene zinafikitsa cakudya ndi mankhwala kwa anthu ozingidwa ndi madzi. Mu Januwale 2022, namondwe Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize. Kuno kwathunso mukudziwa mmene midzi imadukira mitsinje ikadzaza. Pa tsiku lotere, kabwalo kadothi kamakhala khomo lokhalo lotseguka.

Komabe samalani. Bwalo limadya malo, ndipo malo ndi minda ndi msipu. Lamulo la malo la 1997 limanena kuti munthu wofuna malo, kaya ndi kampani ya migodi kapena ya alendo, sangapatsidwe anthu a deralo asanafunsidwe. Palinso lamulo loti magawo 20 pa 100 alionse a misonkho ya mitengo ndi nyama zakuthengo azibwerera kwa anthu a dera limene zinthuzo zacokera. Conco wina akadzabwera ndi nkhani yomanga bwalo, pitani ku msonkhano. Funsani kuti: Malire ake ali pati? Amene ataye minda alandira ciyani? Adzagwira nchito ndi ana a kuno kapena obwera? Kodi ndege ya odwala idzaloledwa kutera? Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo muziwerenge nokha musanasaine kapena kudinda cala. Paja safunsa anadya phula.

Kodi mwana wa kuno angayendetse ndege?

Angathe, koma njira yake ndi yaitali ndipo imafuna ndalama zambiri. Kuti munthu alandire ciphaso coyamba, malamulo a maiko onse amafuna kuti akhale ndi zaka 17 kapena kuposa, aunikidwe ndi dokotala, ndiponso auluke maola osacepera 40 akuphunzira. Amalembanso mayeso a nyengo, mapu, injini ndi malamulo. Pa wailesi, akamadutsa maiko, amalankhula Cingelezi. Zonsezi zimayambira pa zinthu ziwiri: kuwerenga ndi masamu.

Ena a kuno kwathu anafika. Yolanda Kaunda ndi mayi woyamba wa ku Malawi kukhala kaputeni wa ndege, ndipo mu Malici 2017 anatsogolera ndege imene ogwira nchito onse anali amayi. Ku Mozambiki, Admira António anacitanso zomwezo mu Disembala 2018. Amayi amenewa anayamba ndi a, e, i, o, u, ngati mmene inu mwayambira.

Komanso kumbukirani zimene taona. Pa woyendetsa mmodzi pali anthu ambiri apansi: makaniko, woyeza nyengo, wolankhula pa wailesi, wothira mafuta, wozimitsa moto, wosamala bwalo. Nchito zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuwerenga nambala ndi kulemba zimene waona. Mwana wanu akaloza ndege n'kufunsa mafunso, musamuuze kuti ndi za azungu. Muuzeni kuti ana 20 anamanga ina ndi manja awo, ndipo mawa apite ku sukulu.

Zoti mukambirane ndi anzanu

Ndege yaing'ono itatera m'munda wa pafupi ndi kwanu, mungauze ndani coyamba? Nambala yake ya foni muli nayo?

Kodi m'dera lanu munali bwalo la ndege kale? Funsani akuluakulu. Lili bwanji lero?

Mitsinje ikadzaza n'kudula msewu, wodwala kwambiri mumamufikitsa bwanji ku cipatala?

Lembani pa pepala zilembo za maiko zija. Yesani kuzichula osayang'ana, kenako muphunzitseko munthu wina wa pakhomo panu.